Masamu a ziro amene amayatsa malaiti ku Mukuni Park

Wogulitsa ziboliboli ku Mukuni Park akachaja foni yake yolandirira ndalama, amadalira mbiri ziwiri. Yoyamba ambiri tiidziwa: siteshoni ya magetsi ya pa Victoria Falls inayamba kugwira ntchito mu 1938, ndipo lero, m'manja mwa ZESCO, imatha kupanga mamegawati 108. Yachiwiri ndi ya masamu, ndipo sikambidwa kawirikawiri.

Magetsi a mu Livingstone sali paokha. Mawaya ake alumikizana ndi Kariba, Kafue Gorge, komanso maiko oyandikana nafe kudzera mu Southern African Power Pool, imene inakhazikitsidwa mu 1995. Kuti mainjiniya adziwe mphamvu yodutsa mu waya uliwonse, amalemba tebulo lalikulu la manambala losonyeza kuti siteshoni iti ilumikizana ndi iti. Koma siteshoni imodzi imalumikizana ndi zinzake zochepa chabe, choncho mipata yambiri m'tebulomo ndi ziro. Tebulo lotere amalitcha sparse matrix.

Njira yopezera mayankho ndi yakale: kuchotsa zosadziwika chimodzichimodzi. Ku China anali kuidziwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ngakhale lero imadziwika ndi dzina la Carl Friedrich Gauss. Vuto lake ndi lakuti ukamachotsa, maziro aja amayamba kudzaza ndi manambala.

Taganizirani mkhalapakati amene amatenga katundu kwa osema a ku mudzi wa Mukuni kubweretsa kwa ogulitsa m'tauni. Ngati ali ndi anthu 50 ndipo wachoka, onsewo ayenera kudziwana okha, manambala a foni n'kuchuluka. Koma akachoka wa anthu awiri, nambala yatsopano ndi imodzi basi. Mu 1967, William Tinney ndi J. W. Walker a ku Bonneville Power Administration ku America anaonetsa kuti magetsi nawo ali choncho: yamba kuchotsa masiteshoni a mawaya ochepa, maziro ambiri adzakhalabe maziro. Makompyuta a nthawi imeneyo, amene sanali kusunga zambiri, anayamba kukwanitsa kuwerengera magetsi a madera aakulu.

Kenaka panabwera funso lina: kodi ntchitoyi ingagawidwe? Mu 1973, Alan George anaonetsa njira yodula tebulo pakati, mbali iliyonse n'kuwerengedwa payokha, za m'malire n'kumalizira. Mu 1983, Iain Duff ndi John Reid ku Britain anafalitsa njira yotchedwa multifrontal, imene pambuyo pake inathandiza kuti makompyuta ambiri agwire tebulo limodzi nthawi imodzi. Ife a kuno sitivutika kumvetsa: mlatho wa Victoria Falls unamangidwa kuchokera kutsidya lino ndi kutsidya lija, mbali ziwirizo n'kukumana pakati mu 1905.

Chilala cha 2024 chinaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumazima maola ambiri patsiku. Masamu sangadzaze damu. Koma magetsi akachepa, wina ayenera kuwerengera kuti tikazimitsa uku, waya wa uko sulemedwa mpaka kugwetsa dziko lonse mumdima. Minda ya sola ikamachuluka, mawerengero amenewa nawo achuluka.

Ndiye mng'ono wanu akadandaula kuti ma matrix a ku sekondale alibe ntchito, muuzeni kuti akulimbikire. Ntchito imeneyi ikufuna anthu, ndipo palibe chifukwa choti asakhale a ku Maramba kapena Dambwa.