Kusankhiratu mwana wamwamuna kapena wamkazi kudzera kuchipatala: mmene zimachitikira ndi zimene Shariah ikunena

Zipatala zina zothandiza pa za kubereka m'mayiko akunja zimatha kusankhira banja mwana wamwamuna kapena wamkazi mayi asanaime. Ena mwa amene amafunsa za njirayi ndi mabanja amene mayi ali ndi zaka zapakati pa 35 ndi 40, ali kale ndi ana atatu kapena anayi aakazi okhaokha kapena aamuna okhaokha, ndipo akuona kuti nyengo yobereka ikupita kumapeto. Ena amaimva kwa abale awo okhala ku Johannesburg, ena amaona zotsatsa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Otsatsawo amanena za mwana wolonjezedwayo, koma satchula zimene mayi wa msinkhu umenewu amataya pomufunafuna.

Chimene chimapangitsa mwana kukhala wamwamuna kapena wamkazi

Pafupifupi selo iliyonse ya thupi la munthu ili ndi timizere 46 totchedwa makromozomu, ndipo awiri mwa amenewa ndi amene amasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mkazi ali ndi X awiri, mwamuna ali ndi X ndi Y. Dzira la mayi nthawi zonse limanyamula X. Mbewu ya bambo ndiyo ili pawiri: ina ili ndi X, ina ili ndi Y. Ikafika pa dzira ya X, mwana amakhala wamkazi. Ikafika ya Y, amakhala wamwamuna. Choncho bambo amene akusiya mkazi wake kapena kumunyoza ponena kuti amangobereka atsikana akumusenzetsa mlandu umene si wake. Iyeyonso alibe mlandu, pakuti palibe mwamuna amene amalamula mbewu yake kuti ipite iyi, itsale iyo.

Njira za kuchipatala

Njira imene siphonya kawirikawiri ndi IVF yophatikiza ndi kuyeza miluza. Mayi amabayidwa jakisoni wa mahomoni tsiku ndi tsiku kwa masiku 10 mpaka 12 kuti thupi lake likhwimitse mazira ambiri nthawi imodzi m'malo mwa limodzi la mwezi ndi mwezi. Kenako dokotala amatulutsa mazirawo ndi singano yaitali mayi atamugoneka tulo, n'kuwaphatikiza ndi mbewu ya mwamuna wake m'labotale. Pofika tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi, dzira limene lagwira bwino limakhala litasanduka mluza, ndiko kuti chiyambi cha mwana. Pa mluza uliwonse amachotsapo maselo ochepa kuti awerenge makromozomu ake, ndipo kuyeza kumeneku kumatchedwa PGT. Miluzayo imasungidwa mozizira kwambiri mpaka zotsatira zituluke, ndiye wosankhidwawo amauika m'chiberekero.

Mwana woyamba wa IVF, Louise Brown, anabadwa pa 25 July 1978 ku Oldham m'dziko la England. Kuyeza miluza kunayamba kubala zipatso mu 1990 pa chipatala cha Hammersmith ku London, pansi pa Alan Handyside ndi anzake. Cholinga chawo sichinali kukwaniritsa zokhumba za makolo ayi. Ankathandiza mabanja okhala ndi matenda akumtundu amene mayi amawanyamula osadwala koma amagwira ana aamuna. Matenda otere ndi monga haemophilia, amene magazi sasiya msanga kutuluka munthu akavulala, ndi Duchenne, amene amafooketsa minofu ya mnyamata mpaka kulephera kuyenda.

Palinso njira yosefa mbewu ya bambo ndi makina kuti ya X ikhale payokha, ya Y payokha, koma imaphonya, makamaka kwa ofuna mwana wamwamuna. Za zakudya zapadera, kuwerenga masiku ndi mankhwala azitsamba amene ena amagulitsa m'misika, palibe umboni wogwirika wakuti zimasintha kanthu. Wogulitsayo amalondola pa theka la makasitomala ake, monga mmene angalondolere aliyense wongolosera. Kuchotsa mimba chifukwa sikani yaonetsa mtsikana ndi haram, ndipo pamenepa palibe chokambirana.

Vuto la zaka

Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni. Akamatha msinkhu amakhala atatsala pafupifupi 300,000, ndipo pofika zaka 37 amatsala pafupifupi 25,000. Kuchepako si vuto lokha. Mazira akamakalamba, ambiri sagawa bwino makromozomu, moti mluza umakhala ndi ochuluka kapena operewera. Mluza wotere nthawi zambiri sugwira m'chiberekero, kapena mayi amapita padera. Pa zaka 38, pafupifupi theka la miluza imene yayezedwa imapezeka ndi vutoli, ndipo pa zaka 40 imapitirira theka.

Tiyeni tiwerengere limodzi, mongopereka chitsanzo. Tinene kuti mayi wa zaka 38 amutulutsa mazira 10. Okhwima angakhale 8, ogwira mbewu 6, ofika tsiku lachisanu 3. Mwa itatu imeneyi, yabwinobwino ingakhale umodzi kapena iwiri. Tsopano banja likuti likufuna wamwamuna yekha. Ngati wabwino ndi umodzi, mwayi woti ukhale wamwamuna ndi theka. Ngati ndi iwiri, pa maulendo anayi aliwonse ulendo umodzi yonse idzakhala yaikazi. Ngakhale wofunidwayo atapezeka, si mluza uliwonse woikidwa m'chiberekero umene umafika pobadwa. Banja limatha kubwerera kwawo litawononga ndalama za ulendo, malo ogona ndi chipatala, litasiya m'firiji mwana wamkazi wathanzi amene akanatha kubadwa, ndipo pamene likusonkhanso ndalama za ulendo wachiwiri mayi wawonjezera chaka china.

Thupi la mayi nalonso limalipira. Mahomoni aja nthawi zina amatupitsa timatumba ta mazira n'kudzaza madzi m'mimba mpaka munthu kugonekedwa m'chipatala. Kuika miluza iwiri kumabweretsa mapasa, ndipo pa msinkhu umenewu mimba ya mapasa imaonjezera chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kubadwa kwa ana masiku asanakwane. Mayi wosabereka angapirire zonsezi chifukwa akufuna chithandizo. Koma amene tikukamba pano ndi mayi wobereka bwinobwino, amene alibe matenda oti achiritsidwe.

Zimene ma Ulama ananena

IVF payokha inaloledwa kale. Sheikh Jad al-Haq Ali Jad al-Haq, ali Mufti wa Egypt, anatulutsa fatwa yake mu 1980, ndipo bungwe la Fiqh la mayiko a Chisilamu linagamula chimodzimodzi ku Amman mu 1986. Malire ake ndi awa: dzira likhale la mkazi, mbewu ikhale ya mwamuna wake, chiberekero chikhale cha mkazi yemweyo, ndipo nikah yawo ikhale ikadalipo. Dzira, mbewu kapena chiberekero cha munthu wachitatu ndi haram. Mu 1990 bungwe lomweli, litakumana ku Jeddah, linalangiza kuti madokotala asapange miluza yoposa imene ikufunika, pofuna kupewa yotsala.

Pa kusankha mwamuna kapena mkazi ndi pamene panabuka kusiyana. Msonkhano wa ma Ulama ndi madokotala ku Kuwait mu 1983 unagwirizana kuti sizololedwa ngati ndondomeko ya mtundu wonse, koma unagawikana pa za banja limodzi. Okaniza amaloza ku Surah Ash-Shura, ndime 49 ndi 50, pamene Allah akudziwitsa kuti kupereka ana aakazi, aamuna, onse awiri, kapena kusapereka, ndi chifuniro Chake, ndipo pamenepo akutchula aakazi poyamba. Amalozanso ku Surah An-Nahl, ndime 58 ndi 59, imene ikudzudzula munthu wa nthawi ya umbuli amene ankachita manyazi akauzidwa kuti wabereka mtsikana. Ololeza, kuphatikizapo Dar al-Ifta ya ku Egypt, amati Mneneri Zakariyya, mtendere ukhale pa iye, anapempha mlowam'malo mu Surah Maryam, ndipo chimene chili chololedwa kuchipempha mu dua n'chololedwanso kuchifunafuna m'njira za halal, bola chisasanduke chizolowezi cha anthu onse.

Mu November 2007, bungwe la Fiqh la Rabita linagamula nkhaniyi pa msonkhano wake wa 19 ku Makkah. Linati njira zachilengedwe monga zakudya ndi kusankha masiku zilibe choletsa. Koma njira za kuchipatala linaziloleza pokhapokha pali matenda akumtundu ogwira ana aamuna okha kapena aakazi okha, mwamuna ndi mkazi atagwirizana, ndiponso madokotala okhulupirika osachepera atatu atatsimikiza kuti n'kofunikadi.

Ife tikutsatira chigamulo cha ku Makkah, ngakhale kuti sitigwirizana ndi amene amati wosankha mluza akulimbana ndi qadar ya Allah. Palibe dokotala amene angalimbane nayo. Iye amangosankha pa zimene Allah walenga kale, ndipo mluza wosankhidwawo umagwira kapena kulephera mwa chifuniro Chake. Zifukwa zathu ndi zina. Mayi akuvula pamaso pa madokotala popanda matenda, akuika thupi lake pa chiopsezo chosafunika, ndipo njirayi siyenda popanda kupanga dala miluza imene banja likudziwiratu kuti lidzaikana. Palinso ana amene ali kale pakhomo. Mtsikana wa Folomu 2 amamvetsa bwino lomwe tanthauzo la makolo ake kugulitsa boti kapena munda kuti akapeze mwana amene si ngati iye. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, anaika m'manda ana ake aamuna onse akadali aang'ono, ndipo mbumba yake inapitirira kudzera mwa Fatima. M'Hadith imene anailandira Imam Muslim, iye analonjeza kudzakhala pafupi pa Tsiku la Kiyama ndi munthu wolera ana aakazi awiri mpaka atakula.

Kuno kunyanja chikakamizo chimachokera mbali zonse ziwiri. M'midzi yambiri ya ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota mtundu umayendera kuchikazi, moti mayi wobereka anyamata okhaokha amamva mawu kwa abale ake kuti mbumba ithera pa iye, pamene wobereka atsikana okhaokha amamva mawu kuchimuna. Chigamulo ndi chimodzi kwa onse awiri.

Malamulo a mayiko

Mwachilengedwe pamabadwa anyamata pafupifupi 105 pa atsikana 100 aliwonse. Ku China, kumene kusankha kunafala, chiwerengerochi chinapitirira 115, ndipo amuna ambiri anakula n'kusowa owakwatira. India inaletsa mchitidwewu ndi lamulo la 1994, moti opita kumeneko kukalandira chithandizo cha kubereka asayembekezere kuuzidwa ngati mluza ndi wamwamuna kapena wamkazi. Ku Britain n'kololedwa pa chifukwa cha matenda chokha.

Banja limene ana ake aamuna, kapena alongo ake a mayi, akhala akudwala matenda amodzimodzi kuyambira ali aang'ono liyambe ndi dokotala wa ana pa chipatala chachikulu kuti matendawo adziwike dzina. Ndi kalata ya dokotalayo lipite kwa Sheikh, ndipo posankha chipatala lifunse mmene chimatetezera mazira ndi mbewu kuti zisasakanikirane ndi za anthu ena, komanso chimene chimachita ndi miluza yotsala.