Kuchokera ku Chileka Kukafika ku Joni: Mbiri ya Maola Awiri

Pakati pa bwalo la ndege la Chileka ku Blantyre ndi la O.R. Tambo ku Johannesburg pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,350. Ndege ya masiku ano imauluka mtundawu maola awiri ndi mphindi zochepa, moti munthu womwa phala ku Ndirande angathe kukadyera nkhomaliro ku Joni. Komabe mbiri ya njirayi ikusonyeza kuti kufupika kwa ulendo kunafika msanga kwa okawagwirira ntchito eni migodi kusiyana ndi kwa odziyendera okha.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete ankalowera kum'mwera wapansi pofuna ndalama ya msonkho ndi zovala. Ankawoloka Zambezi pabwato, n'kumaima m'mafamu a ku Southern Rhodesia kuti apeze kamba wa panjira. Ulendo unkatha miyezi. Ena anakhazikika komweko osabwereranso, ndipo kumudzi ankawatcha matchona.

Bungwe la Wenela, lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide, linkafunitsitsa amuna amenewa. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a m'maiko otentha a kumpoto chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, koma chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Pofika m'ma 1950, Wenela inali ndi ndege zakezake. Sizinkatera ku Joni: zinkatsitsa anthu ku Francistown, m'dziko limene lero ndi Botswana, ndipo kuchokera kumeneko ankakwera sitima ya pamtunda. Ulendo wa miyezi unasanduka wa masiku owerengeka. Mnyamata amene anali asanaonepo Blantyre ankayamba kukwera ndege asanakwerepo sitima. Pofika mu 1973, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa.

Pa 4 April 1974, ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inanyamuka ku Francistown kupita ku Blantyre, itanyamula amuna obwerera kwawo atatsiriza kontrakiti. Mafuta amene inathiridwa anali osakanikirana ndi a mtundu wina, ndipo inagwa itangonyamuka. Anthu 78 anafa, mwa iwo Amalawi 74. Anali atapirira kutentha ndi fumbi la pansi pa nthaka, kutangotsala maola ochepa kuti aone kwawo.

Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu, ndipo zikwi za amuna zinabwerera kumudzi. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene anthu ankalitchula kuti Theba, koma chiwerengero sichinafikenso pakale. Inatha mu 1988 maboma awiriwa atasemphana pankhani yoyeza anthu kachilombo ka HIV.

Lero mtunda ndi womwewo, ndipo ndege ilipo. Koma zidzukulu zambiri za amuna a Theba sizidutsa pa Chileka, pakuti tikiti njodula ndipo palibenso mgodi wozilipirira. Zimakwera basi n'kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, njira yosatalikirana ndi imene makolo anaponda ndi mapazi. Paulendo umene ndege imatha maola awiri, basi imatha pafupifupi masiku awiri. Malo ena okwerera basi ku Blantyre amatchedwabe Wenela mpaka lero.