Mankhambira ndi linga la ku Chintheche

Anzanga a m'gulu muno, mukamakapuma pamchenga woyera wa ku Chintheche, dziwani kuti mukuponda dera limene asilikali a M'mbelwa, omwe ankaopedwa kumpoto konse, anagonja pa nkhondo. Kusukulu tinaloweza Chilembwe ndi 1915, koma dzina la Mankhambira ambirife timangolimva ngati la T/A wa ku Nkhata Bay basi.

Tiyambire patali pang'ono. Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, nakamwalira m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. Mwana wake M'mbelwa anabwerera kummwera, ndipo cha m'ma 1855 anakhazikika m'dera la Mzimba. Kuchokera kumeneko ankhondo ake ankatsika mapiri a Viphya kudzathira nkhondo Atonga a kunyanja. Midzi inkatenthedwa, chakudya kulandidwa, anthu kutengedwa. Anyamata ogwidwawo ankalowetsedwa m'magulu ankhondo a Chingoni n'kuphunzitsidwa kugwira chishango ndi nthungo.

Cha m'ma 1875 Atonga ambiri okhala pansi pa M'mbelwa anaukira n'kuthawira kwawo kunyanja. Sanabwere chimanjamanja ayi. Ankadziwa mmene Mngoni amazingira mudzi m'bandakucha, chifukwa iwo omwe anachitapo zimenezo. Ambiri anafikira kwa Mankhambira, yemwe anali ndi linga lalikulu ku Chintheche komanso mfuti zomwe anapeza pochita malonda ndi anthu a kutsidya kwa nyanja. Angoni atawalondola kuti akawabweze, anakumana ndi anthu odziwa nkhondo yawo yomwe, ali kuseri kwa mpanda wa mitengo, mfuti zili m'manja. Angoni anabwerera atagonja.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, yerekezani ndi zomwe zinachitika patangopita zaka zochepa. Cha m'ma 1880 Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe nawonso anaukira, n'kuthawira paphiri la Hora. Angoni anazinga phirilo, ludzu linakula pamwambapo, ndipo anthu ambiri anaphedwa. Kodi Baza anali wamantha kuposa Mankhambira? Ine ndikuti ayi. Kusiyana kunali malo. Phiri mungathe kulizungulira, koma nyanja simungaizinge ndi nthungo. Kumbuyo kwa Mankhambira kunali madzi akumwa, usipa ndi mabwato.

Komatu musaganize kuti atapambana anthu anayamba kugona tulo tabwino. Angoni ankabwerabe kudzafunkha, ndipo Atonga anakhala zaka zambiri mothithikana m'malinga, la Mankhambira ku Chintheche, ena monga la Marenga cha ku Bandawe. Kupita kumunda wakutali kunali kuika moyo pachiswe.

N'chifukwa chake Robert Laws atayendera deralo mu 1878, ndiponso mishoni ya Livingstonia itasamuka ku Cape Maclear kudzakhala ku Bandawe mu 1881, mafumu a Chitonga anawalandira ndi chiyembekezo choti apeza anzawo pa nkhondo. Laws anakana kumenya nawo. Iye ankafunanso kulalikira kwa Angoni, ndipo William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale, anakakhala pakati pawo ku Njuyu. Atonga zinawawawa ndithu. Komabe mu 1887, nkhondo ina itatsala pang'ono kubuka, zokambirana za Laws ndi M'mbelwa ndi zomwe zinaziziritsa zinthu.

Ndiye wapulumutsa Atonga ndani, linga kapena mishoni? Mabuku a amishoni amakonda yankho lachiwirilo. Koma taganizani: Laws anamanga sukulu pakati pa anthu omwe anali atadziombola kale okha. Pakadapanda nkhondo ya ku Chintheche, ku Bandawe akadapezako yani woti amuphunzitse? M'dera lomweli ndi momwe munadzachokera Elliot Kamwana, komanso Clements Kadalie wa ku Chifira, yemwe anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919.

Sindikulemba izi kuti Mtonga ayambe kuyang'ana Mngoni ndi diso lofiira. Tinakwatirana kalekale, ndipo ambiri a ife tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri. Pempho langa lili kwa inu a ku Chintheche, Kande ndi Bandawe: mukapita kumudzi, funsani agogo kuti linga linali pati, ndipo makolo awo ankasimba zotani. Mulembe, mudzatigawireko muno agogowo akadali moyo.