Kamtsikana ka Nara pa okushoni

M'zaka za m'ma 1980, pa okushoni ya zithunzi zojambula pamanja, anthu a ku Japan ankadziwika ngati ogula. Mu 1987 kampani ya inshuwalansi ya Yasuda inakhuthula madola pafupifupi 40 miliyoni pogula chithunzi cha mpendadzuwa cha Van Gogh.

Kenako zithunzi za kwawo nazo zinayamba kukwera mtengo. Mu Okutobala 2019, pa okushoni ya Sotheby's ku Hong Kong, ogula analimbirana ntchito ya Yoshitomo Nara, mbadwa ya ku Hirosaki yomwe inasulidwa luso ku Düsseldorf. Nara anaijambula mu 2000, chaka chomwe anabwerera kwawo: kamtsikana ka diresi lofiira, katakwinya nkhope ngati kalandidwa chinthu. Dzina la chithunzicho, Knife Behind Back, limatchula mpeni, koma mpeniwo suoneka paliponse.

Chithunzicho chinapita pa madola pafupifupi 25 miliyoni, mtengo womwe Nara anali asanaufikepo.