Mbiri ya Magalimoto a ku Japan

Adayamba ndi alendo

Mu 1923 chivomezi chachikulu chidagumula mzinda wa Tokyo. Njanji zidaonongeka, anthu n'kusowa chokwera. Akuluakulu a mzindawo adagula magalimoto a Ford ku America n'kuwasandutsa mabasi. Kampani ya Ford itaona kuti msika ulipo, idatsegula fakitale ku Yokohama mu 1925. General Motors idatsegula yake ku Osaka mu 1927. Zitsulo zinkachokera ku America. Ku Japan ankangomangirira.

Lamulo la 1936

Boma silidakondwe nazo, makamaka akuluakulu a asilikali. Ankafunsa kuti, nkhondo ikabuka, malole tidzawatenga kuti?

Mu 1936 boma lidakhazikitsa lamulo. Kampani yopanga magalimoto oposa 3,000 pa chaka inkayenera kukhala ndi chiphaso cha boma. Gawo lalikulu la kampaniyo linkayenera kukhala m'manja mwa nzika za Japan. Nissan idalandira chiphaso. Banja la Toyoda, lomwe linkapanga makina owombera nsalu, lidalandiranso, ndipo mu 1937 Kiichiro Toyoda adayambitsa Toyota. Mu 1939 Ford ndi General Motors adaleka kupanga magalimoto m'dzikomo.

Nkhondo itatha

Japan idagonja mu 1945. Anthu anali pa umphawi. Mu 1949 boma lidakhazikitsa gulu la timagalimoto ting'onoting'ono totchedwa kei. Msonkho wake ndi wochepa. Tilipobe mpaka lero, ndipo injini yake siipitirira 660cc.

Mu 1950 Toyota idatsala pang'ono kugwa. Antchito adanyanyala ntchito, Kiichiro n'kutula pansi udindo. Chaka chomwecho kudabuka nkhondo ku Korea. Asilikali a America adaitanitsa malole ambiri, kampani ija n'kudzuka.

Honda akana

Si nthawi zonse pamene boma linkaona patali. Mu 1961 unduna wa zamalonda ndi mafakitale udafuna kuti makampani a magalimoto achepe. Udafunanso kuti atsopano asalowemo. Nthawi imeneyo Soichiro Honda ankapanga njinga zamoto. Iye adakana kwamtuwagalu, n'kufulumira kutulutsa magalimoto ake oyamba mu 1963. Lamulo lomwe undunawo unkafuna silidadutse ku nyumba ya malamulo. Likadadutsa, bwenzi lero kulibe Honda Fit.

Mafuta ndi utsi

Mu 1973 mafuta adakwera mtengo padziko lonse. Anthu adayamba kufuna magalimoto osamwa mafuta ambiri, ngati Corolla. Mu 1978 Japan idakhwimitsa malamulo oletsa utsi woipa, ndipo izi zidakakamiza makampani kukonza injini zawo. Mu 1980 dzikoli lidapanga magalimoto oposa 11 miliyoni, kuposa America. America idadandaula. Mu 1981 Japan idavomera kuchepetsa magalimoto otumiza kumeneko, koma makampani ake adangopita kukamanga mafakitale ku America komweko.

Chifukwa chake amafika kuno

Ku Japan galimoto yatsopano imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse. Kuyesaku amakutcha shaken, ndipo kumadya ndalama. Eni ake ambiri amagulitsa galimoto ikadali yabwino. Ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, choncho chiwongolero chili mbali yoyenera misewu yathu. Magalimotowa amabwera pa sitima ya pamadzi. Ambiri amatsikira ku Dar es Salaam n'kulowa m'Malawi pa chipata cha Songwe.