Zithunzi za M'sutikesi ndi Mbiri ya Kwathu ku Thyolo

 Akonzi atandipempha kuti ndilembeko kanthu m'kalata yathu ino, ndinaganiza zokuuzani za kantchito kamene ndimachita ndikaweruka ku ofesi, kosonkhanitsa ndi kujambula zithunzi za kwathu ku Thyolo.

Ena mwa inu mukukumbukira kamera yakuda ija imene ndinkayenda nayo tili Folomu 3 mu 1997. Inali ya amalume anga, anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36, ndipo kuti zitsukidwe ndinkapatsira munthu wopita ku Limbe n'kudikira masabata awiri. Loweruka lina ife a kalabu ya zachilengedwe tinakwera phiri la Thyolo, ndipo ndinakujambulani anthu asanu mutakhala pa thanthwe mukudya nthochi. Ine ndinkafuna nkhope zanu basi. Koma lero aliyense woona chithunzicho sayang'ana inu ayi, amayang'ana mitengo italiitali ili kumbuyo kwanuyo. M'zaka zochepa zotsatira nkhalango ija inadulidwa pafupifupi yonse, kunangotsala kachigawo ku mbali ya esiteti ya Satemwa. Mwana wanga wachisamba atachiona chithunzicho anandifunsa ngati tinajambulira ku Mulanje. Funso limenelo ndilo linandiphunzitsa kuti chithunzi cha munthu wamba chimasunga zambiri kuposa zimene wojambulayo ankafuna.

Mbiri ya minda ya tiyi inalembedwa bwino ndithu. Mu 1891 Henry Brown anadzala tiyi pa Thornwood ku Mulanje, mbewu zake zochokera m'munda wa mishoni ya Blantyre. Kuno kwathu, kumene azungu ankalemba kuti Cholo, tiyi anayamba kudzalidwa pa Bandanga mu 1908, ndipo Maclean Kay anayambitsa Satemwa mu 1923. Zithunzi za nthawi imeneyo zilipo m'mabuku. Zimaonetsa fakitale, nyumba ya bwana ya khonde lalikulu, ndi mizere ya tiyi yobiriwira mpaka kumene maso alekezera. M'zambiri zimene ndaziona, mzungu amalembedwa dzina lake pansi pa chithunzi, koma anthu a madengu kumsana amangotchedwa "othyola tiyi".

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa anthu opanda mainawo anali Alomwe amene anayamba kuwoloka malire kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika anapeza malo ambiri ali kale m'manja mwa eni maesiteti. Kuti munthu amange nyumba ndi kulima kamunda, ankayenera kugwira ntchito kwa mwini malo m'malo mwa lendi. Imeneyi ndiyo thangata, mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana mwaufulu. Mkwiyo wake unaphulika mu Ogasiti 1953, chaka cha Chitaganya. Nkhani inayambira pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, pamene anthu awiri anagwidwa powaganizira kuti akuba malalanje, ndipo mphekesera inafala yoti aphedwa. Zipolowe zinafalikira m'boma lathu ndi maboma oyandikana nalo, ndipo anthu 11 anafa. Thangata inathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Agogo ambiri amene anaona zimenezi sanasiye ngakhale chithunzi chimodzi.

Komabe kamera sinali ya azungu okha. Mungo Murray Chisuse, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, ankajambulanso zithunzi, ndipo mwa amene anawajambula munali John Chilembwe ndi banja lake. Tikuidziwa nkhope ya Chilembwe chifukwa panali anthu onga Chisuse amene anaimika kamera. Patapita zaka kunabwera ojambula a pa njinga aja, amene ankazungulira m'malaini a antchito tsiku la malipiro ndi pa Khirisimasi. Munthu unkalipira theka, theka linalo pobwera ndi chithunzi. Amenewa ndiwo anajambula maukwati athu, makwaya, matimu a mpira a m'maesiteti ndi ana obatizidwa ku Malamulo, mishoni imene Adventist anayamba mu 1902.

Mmodzi wa ojambula amenewa anajambula agogo anga aakazi m'zaka za m'ma 1970. Aima pa sikelo yoyezera masamba, dengu lili pansi, ndipo pambali pawo pali amayi ena atatu ndi kapitawo wovala chipewa. Chithunzichi chinkakhala m'sutikesi pamodzi ndi makadi a chipani. Agogo ankakonda kusimba za thangata madzulo, koma ine ndinali wotanganidwa ndi mbiri ya Bismarck yokalembera mayeso. Anamwalira mu 2004 ndisanawafunse kuti anzawo aja anali ndani. Kuseri kwa chithunzicho sikunalembedwe kanthu. Ndayenda nacho m'midzi itatu, ndipo amene wadziwika ndi mmodzi yekha. Choncho nanenso, mdzukulu wophunzira mpaka ku yunivesite, ndawasiya amayi aja opanda maina monga anachitira azungu.

Phunziro lachiwiri linabwera ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Khoma la nyumba ya mayi anga linagwa, ndipo sutikesi ija inakhala m'matope masiku awiri. Zithunzi zambiri zinamatana, nkhope n'kusungunuka. Zimene zinapulumuka ndi zokhazo zimene ndinali nditazijambulanso ndi foni chaka cham'mbuyo, kuphatikizapo cha agogo chija.

Tsopano ndikapita kumudzi ndimajambula zinthu zimene anthu amaseka akandiona: msika wa Bvumbwe m'mamawa, anyamata a kabaza pa Luchenza, amayi akubwera ku sikelo, mjigo, ngakhale chikwangwani cha golosale. Munthu ndimayamba ndamupempha, ndipo akalola ndimalemba m'kope dzina lake, malo ndi tsiku. Ndikabweranso ndimamupatsa chake chotsukidwa.

Pempho langa kwa inu ndi ili. Mukapita kwanu pa tchuthi, tsekulani masutikesi a makolo. Khalani pansi ndi achikulire amene akadali moyo, muwafunse za aliyense ali pa chithunzi, ndipo mulembe kuseri ndi pensulo, chifukwa inki imalowerera. Chilichonse muchijambulenso ndi foni pamalo owala, ndipo mutumizireko abale ena kuti chisakhale pamalo amodzi. Mutu umodzi susenza denga. Ndapempha a komiti kuti pa msonkhano wathu wa pachaka pakhale tebulo la zithunzi, za kusukulu ndi za kumudzi zomwe. Ine ndidzabwera ndi cha pa phiri chija, ndi cha agogo. Mwina mmodzi wa inu adzazindikirapo agogo ake.