Chubu, linya ndi kaunjika: matayala a pa msewu wa Domasi

Msewu wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, umene pa mapu amaulemba M3, si wautali, ndi makilomita opitirira pang'ono 50. Koma pa kamtunda kameneka tayala limakumana ndi mavuto onse a misewu ya m'Malawi muno. Pali phula losalala, pali m'mbali modyeka momwe phula limathera mwadzidzidzi, pali chipwirikiti cha msika wa Songani pomwe phazi la dalaivala silichoka pa buleki, ndipo ukadutsa Malosa ndi mtsinje wa Likwenu umayamba zitunda ndi makona a ku Machinga. Wokhota kulowera ku mishoni ya Domasi, m'chigwa cha pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, amasiya phula n'kuyamba miyala ndi matope. Ine ndidakulira m'chigwachi, pakhomo pa amalume anga, amene ankamata matayala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewuwu.

Katundu woyamba wa azungu adalowa kuno pamitu ya anthu. Pamene Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland ankatsegula mishoni ya Domasi m'dziko la mfumu Malemia mu 1884, mabokosi ankasenzedwa ndi amtengatenga, ndipo mzungu akatopa ankakwera machira. Tayala lopopa mpweya linali lisanafale: John Boyd Dunlop adakonza lake ku Belfast mu 1888, ndipo linali la kanjinga ka mwana wake. Malole adayamba kuchuluka pa njira ya Zomba ndi Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, atanyamula katundu wa asilikali opita kumpoto. Malole ambiri a masiku amenewo ankayenda pa labala wogwirana, wopanda mpweya mkati. Tayala lotere silinkaphwa, choncho womata akadasowa chochita. Wolira anali msana wa dalaivala. Chimene chimandiseketsa n'chakuti dziko lino lidagulitsapo labala kunja kalekale, wotapa ku mitengo yoyanga ya m'nkhalango, ndipo mpaka lero ku Vizara, m'boma la Nkhata Bay, akutapabe, koma tayala lililonse limene amalume adaligwira lidachita kuoloka malire kuti lifike kuno.

Sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes itatsegulidwa ku Domasi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndiponso boma la atsamunda litasankha dera lino kuti liyesererepo chitukuko cha kumidzi cha m'ma 1950, galimoto za boma zidayamba kuyenda kawirikawiri. Mabasi a Nyasaland Transport Company, imene pambuyo pake idadzakhala United Transport Malawi, anthu n'kumangoti UTM, adalowanso pa msewuwu. Koma boma ndi kampani ya mabasi anali ndi magalaja awoawo. Makasitomala a pansi pa mango anali ena: eni malole a chimanga ndi nsomba za ku Chilwa, eni matola, ndi apanjinga osawerengeka.

Amalume adayamba ntchitoyi Zomba ikadali likulu la dziko, chisanafike chaka cha 1975. Tayala la nthawi imeneyo linali la ulusi wopingasana, lolimba m'mbali, ndipo mpweya unkakhala m'chubu. Likaphwa, ankalichotsa pa limu ndi nyundo ndi zitsulo ziwiri zosula kuchokera ku sipuling'i yakutha ya lole. Chubu ankachipopa pang'ono n'kuchimiza m'madzi m'diramu yodula pakati, ndipo ntchito yanga ndili mwana inali kuyang'ana potuluka thovu. Pobookapo ankapala, kupaka guluu, kuika chigamba, n'kukanikiza ndi pisitoni yakale yomwe mkati mwake ankayatsamo moto kuti labala agwirane. Kenako mpope wamanja. Tayala la lole linkafuna anyamata awiri osinthana, ndipo dalaivala wanzeru ankayamba wagula nzimbe. Tayala losalala koma lopanda bala ankalitumiza ku Blantyre kuti akalivekenso labala watsopano pamwamba.

Ndipo likatheratu silinkapita kudzala. Mu ulusi wake timatulutsa linya womangira denga ndi kusokera matumba, chubu timachilenga malegeni omangira katundu panjinga ndi olasira mbalame, pa labala wokhuthala pamatuluka nkhwayira, ndipo limu yopindika inkakapachikidwa pamtengo kusukulu kapena kutchalitchi n'kukhala belu. Ambiri a ife tidathamangira m'kalasi poitanidwa ndi limu ya lole.

Tayala la mtundu wina, limene ulusi wake umayenda mowongoka kuchokera mkombero wina kufika wina ndipo pansi pa mizere pali lamba wa waya, kampani ya Michelin ya ku France idalilembetsa mu 1946. Kuno lidafika mochedwa ndipo lidafala pang'onopang'ono. Linkakhalitsa, linkagwira msewu bwino pamvula, ndipo ambiri mwa matayalawa sankafuna chubu. Amayi omanga madenga adadandaula chifukwa ukaling'amba umakumana ndi waya wolasa zala. Amalume adadandaula china. Eni galimoto ankagula tayala limodzi limodzi monga ndalama yapezekera, choncho kumanzere kunkakhala lakale louma m'mbali, kumanja latsopano lofewa m'mbali. Pa kona lina linkagonja, lina n'kukana, ndipo galimoto inkakokera uku ndi uku. Lamulo lawo loyamba lidachokera pamenepo: matayala awiri a kutsogolo akhale a mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi, a kumbuyonso chimodzimodzi.

Chimene chidasinthiratu ntchitoyi ndi minibasi. Kampani ya ku Scotland ya Stagecoach idagula UTM mu 1989 n'kuisiya mu 1997, ndipo Shire Bus Lines imene idatsatira idatha patangopita zaka pafupifupi khumi. Pa nthawi yomweyo, makamaka pambuyo pa chisankho cha 1994, malamulo a zamalonda adamasuka ndipo galimoto zogwiritsidwa kale ntchito za ku Japan zidasefukira kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Toyota Hiace ndi Nissan Caravan zidadzaza depoti ya Zomba. Zambiri kwawoko zinali zonyamula katundu, mipando adachita kuwotcherera kuno. Pamodzi ndi galimotozi padabweranso matayala a kaunjika, osanjikizana m'misika, mizere ikadaoneka bwino, mtengo wake wotsika kwambiri poyerekeza ndi latsopano.

Apa m'pamene diso, limene lidathandiza anthu zaka zonse zija, lidayamba kuwanamiza. Matayala awiri akhoza kulingana msinkhu, onse kulowa pa limu ya mainchesi 14, koma lina lili la galimoto yaing'ono ya banja, lina la galimoto ya katundu. Kusiyana kwake kwalembedwa m'mbali mwa tayala, m'zilembo zimene ogula ambiri sankawerenga. Hiace yakale imafuna tayala lolembedwa 195R14C kapena 185R14C, nthawi zambiri ndi 8PR pambali. Chilembo C chimasonyeza tayala la katundu, lokhuthala m'mbali. Nambala yotsatira imanena kulemera kumene tayala limodzi lingasenze: 106 ndi makilogalamu 950, pamene 91, imene imapezeka pa matayala ambiri a galimoto zazing'ono, ndi makilogalamu 615. Anayi a 91 akasonkhana amafika 2,460. Hiace yopanda kanthu imaposa kale tani imodzi ndi theka. Ikanimo anthu 15, matumba a mpunga wa ku sikimu ya Domasi pansi pa mipando, dengu la matemba kumbuyo, ndiye muwerengere nokha. Komanso katunduyo sagawikana mofanana, wambiri amatsamira kumbuyo.

Zotsatira zake aliyense amene adakwerapo minibasi m'zaka zimenezo akuzidziwa, ngakhale sadziwa gwero lake. Pa makona a ku Machinga galimoto inkapendama mochedwa, kumbuyo n'kumatsatira mwakufuna kwake, ngati bwato la pa Chilwa tsiku la mphepo. Lole ikadutsa moyandikira, dalaivala ankalimbana ndi chiwongolero. Madalaivala ankanamizira mashoko, ena n'kukawonjezera zitsulo ku masipuling'i, pamene vuto linali m'mbali mwa tayala momwe munkapindika pa kona iliyonse, kutentha, n'kutupa chotupa chimene tsiku lina chinkaphulika. Mpweya nawonso: tayala la galimoto yaing'ono limayenda pa mapaundi 30 ndi pang'ono, la C likasenza mokwanira limalola mpaka 65. Ukapopa laling'onolo kufika pamenepo walipha, ukasiya la C pa 30 uli ndi katundu walipha.

Amalume, amene sukulu adalekera pa Sitandade 4, adaphunzira kuwerenga zilembozi atakula, ndipo ankazikonda kuposa mmene ankakondera nyundo. Dalaivala akabwera ndi tayala la kaunjika kuti amuikire, ankayamba alizunguliza ndi chala. "Achimwene, ili n'la kukacheza kwa apongozi, si la ntchito yanuyi," ankatero. Ena ankamva. Ambiri ankayankha kuti, "Madala, ikani basi, abwana akufuna ndalama yawo madzulo." Ndipo ankaika, chifukwa akakana, wina wapafupi akadaika. Sindiwaweruza pamenepo, ngakhale dalaivalayo sindimuweruza kwambiri. Tayala ankagula ndi mwini galimoto amene sankaikwera.

Kaunjika adabweretsanso misampha ina iwiri. Wina ndi tayala la m'chipale chofewa. Ku Japan nthawi yozizira amavala matayala a labala wofewa, a timizere tambirimbiri tating'ono, ndipo ena ali ndi chizindikiro cha phiri ndi kachipale m'mbali. Pa msika amaoneka okongola koposa onse chifukwa mizere yake ndi yakuya. Pa phula la Okutobala amanyenyeka msanga, ndipo buleki yake imatalika. Wina ndi ukalamba. Kuyambira chaka cha 2000, pa tayala pamadindidwa manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa: 2312 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2012. Tayala likhoza kukhala ndi mizere yonse koma labala atauma, ali ndi ming'alu yopyapyala m'mbali.

Za malimu nkhani yake ndi yaifupi. Anyamata ena adakopeka ndi malimu onyezimira a aluminiyamu, otambalala, ovala tayala lalifupi m'mbali. Pa phula labwino galimoto imamvera chiwongolero msanga, zimenezo n'zoona. Koma malimu ambiri otere adapangidwira galimoto zopepuka, ndipo akagunda dzenje amang'aluka, pamene limu yachitsulo imangopindika, munthu n'kuiwongola ndi nyundo. Limu yotulukira kunja imalemetsa mabering'i, tayala n'kumakhula thupi la galimoto pokhota. Tayala lalitali kuposa muyeso limakweza galimoto yomwe ndi yaitali kale, ndipo limaifooketsa pa chitunda. Pa msewu wa ku mishoni nthawi ya dzinja, limu yachitsulo ya muyeso wake sinagonjepo kwa yonyezimira.

Chaka china padaima banja la alendo ochokera ku South Africa, pa ulendo wa ku Liwonde kukaona nyama, ali m'galimoto yakale ya Volkswagen Kombi yokhala ndi bedi ndi kambaula mkati. Ine ndinkamasulira. Bamboyo ankadandaula kuti galimoto ikuyenda mopepeluka chichokereni ku Blantyre ndipo ankaganiza kuti chiwongolero chamasuka. Amalume adagwira denga n'kuigwedeza, ndipo tonse tidaona matayala a kumbuyo akufutukuka pansi. Anali a galimoto yaing'ono, onse anayi opopedwa mofanana, chonsecho Kombi injini yake ili kumbuyo, ndipo madzi, mabotolo a gasi ndi katundu adaziunjikanso komweko. Adawauza kuti abwerere ku Zomba akafune a 185R14C, ndipo ngati ndalama ikwana awiri okha, awiriwo apite kumbuyo ndi mpweya wochulukirapo kuposa kutsogolo. Mlendoyo adatsutsa kuti atsopano amayenera kukhala kutsogolo kumene kuli chiwongolero. Amalume adati ndimuuze kuti kutsogolo kukaterereka dalaivala amamva m'manja n'kuchepetsa liwiro, koma kumbuyo kukaterereka amadzazindikira galimoto itatembenuka kale. Makampani opanga matayala amalangiza zomwezo.

Amalume adatisiya, ndipo pamalopo pali mdzukulu wawo. Ali ndi kompuresa ya magetsi, ndipo tayala lopanda chubu amalitseka ndi kachingwe ka labala osalichotsa n'komwe pa limu. Magetsi akazima amatulutsa mpope wamanja uja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala latsopano la C lidakwera mtengo moti eni maminibasi ambiri adabwerera ku kaunjika, ndipo mnyamatayo amawerengera madalaivala manambala anayi aja asanaike. Maulendo afupiafupi a Songani, Domasi ndi Malosa adalandidwa ndi tigalimoto ta Sienta, timene timasenza anthu oposa muyeso pa matayala ang'onoang'ono, ndi njinga zamoto za kabaza. Zambiri mwa njingazi zili ndi chubu, choncho adakafunanso diramu ina n'kuidula pakati, ndipo masiku a msika ku Songani chigamba ndi guluu zimamubweretsera ndalama zoposa za kompuresa.